Chiyambireni kusala, zimene ndinaloweza zikundithawa. Vuto ndi swaumu kapena ndi ine?

wapaLimbe23:
Assalam alaikum abale ndi alongo. Ndabwera ndi nkhawa, ndipo ndikupempha amene anadutsamo kale andithandize. Ndaloweza majuzu 10 mwa magawo 30 a Qur'an kuyambira ku sura Baqara, ndipo Ramadhani isanayambe ndinkatenga tsamba limodzi latsopano tsiku lililonse popanda vuto. Ndinadziuza kuti poti uno ndi mwezi wa Qur'an, ndizitenga masamba awiri. Lero ndi tsiku la 9, koma ngakhale masamba 4 sindinamalize. Chimene ndaloweza m'mawa, pofika Asri chimakhala chitabalalika ngati ufa wogwera pamphepo.

Chandipweteka kwambiri ndi cha usiku wathawu. Anandipatsa kuti nditsogolere maraka 4 pa tarawehe, swala ya usiku ya mu Ramadhani, juzu ya 9. Nditafika pa A'raf aya 161, m'malo moyamba ndi "wa idh qiila lahumuskunuu" lilime linathawira ku Baqara aya 58, "wa idh qulnadkhuluu", ndipo ndinapitirira komweko osazindikira. Amene anaima kumbuyo kwanga anandikumbutsa kawiri, ine osamva chimene akunena. Mzikiti wonse unangoti zii, ndinkangomva fani ndi mtima wanga. Miyendo inanjenjemera mpaka ndinangopita pa rukuu. Potuluka sindinathe kuyang'ana munthu kumaso. Kodi kusala kumafooketsa mutu? Kapena pali tchimo limene likunditsekera?

Kabaza_Mangochi:
Wa alaikum salaam akhi. Simuli nokha. Ine ndimapalasa njinga tsiku lonse, ikamakwana 2 koloko ngakhale sura zazifupi ndimazisokoneza. Ludzu si masewera.

MwalimuWakuNtaja:
Wa alaikum salaam mwana wanga. Tisanalankhule za machimo, tandiuzani kaye tsiku lanu mmene likuyendera. Mukugona nthawi yanji, mukudzuka nthawi yanji, pa daku, chakudya cha m'bandakucha musanayambe kusala, mukudya chiyani, ndipo tsamba latsopanolo mukumalitenga nthawi iti?

wapaLimbe23:
Mwalimu, tarawehe timamaliza cha m'ma 9 koloko. Ndikafika kunyumba ndimadya nsima, kenako ndimawerenga mpaka 12 koloko, nthawi zina ndimayang'anako foni pang'ono. Ndimadzuka 3 koloko kudya daku, kawirikawiri tiyi ndi buledi. Ndikaswali Fajiri sindigonanso, ndimakonzeka chifukwa 7 koloko ndiyenera kukhala nditatsegula shopu. Tsamba latsopano ndimalitenga usiku womwewo ndikadya, n'kulibwereza m'minibasi m'mawa.

Nesi_wa_Usiku:
Achimwene, mwadziyankha nokha. Kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko ndi maola atatu. Masiku 9 motsatizana mukugona maola atatu, kenako n'kuima m'shopu tsiku lonse. Ngakhale mukanakhala kuti simukusala, mutu wanu sukanagwira.

Ndifotokoze pang'ono zimene ndikudziwa ku ntchito kwathu. Ubongo ndi chiwalo chaching'ono, sichikwana ngakhale makilogalamu 2, koma chimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse za thupi, ndipo chakudya chake chachikulu ndi shuga wa m'magazi. N'chifukwa chake anthu amaganiza kuti ukasala ndiye kuti ubongo wasowa chakudya. Koma kwa munthu wathanzi, kusala maola 13 kapena 14 monga timachitira kunoku sikumaliza shugayo. Chiwindi chimasunga, n'kumatulutsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi tulo ndi madzi.

Za tulozi ndizitsindike. Ukaloweza chinthu, sichikhazikika nthawi yomweyo. Ubongo umachikhazika uli m'tulo, ngati mmene simenti imaumira usiku womanga atapita kwawo. Inu mukuthira simenti 12 koloko, n'kuipondaponda 3 koloko isanaume. Mawa lake mukudabwa kuti khoma lapita kuti.

Ndiye tiyi ndi buledi pa daku sizikuthandizani. Buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri zimakweza shuga msanga n'kumugwetsanso msanga. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, nyemba zotsala dzulo, dzira ngati lilipo, izi zimakhalitsa. Madzi muzimwa pang'onopang'ono kuyambira pa kumasula mpaka pa daku, osati kudzaza mimba kamodzi adhana itatsala pang'ono. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri m'mawa, dziwani kuti usiku simunamwe okwanira. Odwala shuga ndi amayi oyembekezera nkhani yawo ndi ina, amenewo aonane ndi adokotala asanasale.

Abu_Hudhaifa99:
Ine sindikugwirizana nazo. Tikutenga nkhani ya uzimu n'kuisandutsa ya chipatala. Kusala kumawalitsa mtima, ndipo mtima wowala ndi umene umasunga Qur'an. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti gawo limodzi la mimba likhale la chakudya, lina la chakumwa, lina la mpweya. Za Imam Shafi'i zimanenedwa kuti ankapewa kukhuta chifukwa kukhuta kumalemetsa thupi ndi kuchotsa nzeru, ndiponso kuti ankamaliza Qur'an ka 60 mu Ramadhani. Iwowo analibe manesi owawerengera maola ogona. Akhi, chulukitsani istighfar, kupempha chikhululuko kwa Allah, tsitsani maso anu, siyani foni. Allah akunena mu sura Qamar kuti waipanga Qur'an kukhala yosavuta kukumbukira.

Nesi_wa_Usiku:
Hadisi mwatchulayo ikukamba za kukhuta, ndipo ine ndikuivomera ndi mtima wonse. Munthu wodya nsima mitanda 4 pa futari, chakudya chomasulira, sangaime bwino pa tarawehe. Koma m'bale wathuyu sakukhuta, akusowa tulo. Ndipo Mtumiki yemweyo (SAW) ndi amene anati idyani daku chifukwa mu daku muli madalitso. Sanatiuze kuti tizidzizunza.

Abu_Hudhaifa99:
Sindinanene kuti asadye daku. Ndikunena kuti tisaiwale kuti kuloweza ndi mphatso yochokera kwa Allah, si masamu.

MwalimuWakuNtaja:
Nonse awiri mukunena zoona, koma ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene wakhala akumvetsera ana akuwerenga kwa zaka zambiri.

Choyamba, wapaLimbe23, pamene munapunthwapo si njala inakugwetsani. Aya ziwirizo, Baqara 58 ndi A'raf 161, ndi zina mwa aya zofanana zimene timazitcha mutashabihat. Nkhani yake ndi imodzi, ya ana a Israeli atauzidwa za mudzi uja, koma mawu amasinthana malo. Mu Baqara muli "udkhuluu", mu A'raf muli "uskunuu". Mu Baqara muli mawu oti "raghadan", mu A'raf mulibe. Mu Baqara kulowa pakhomo mowerama kumayambirira, kunena "hittatun" n'kutsatira, pomwe mu A'raf zimatembenuzika. Mahafizi okhwima amapunthwa pamenepo ngakhale m'mwezi wa Shawwal atakhuta bwinobwino. Lilime limathamangira kumene linazolowera, ndipo inu Baqara mwaiwerenga kambirimbiri kuposa A'raf. Tengani kope, lembani aya ziwirizo moyang'anizana, dulani mzere kunsi kwa mawu osiyanawo, ndipo m'mphepete mwa msahafu wanu, buku lanu la Qur'an, lembani ndi pensulo nambala ya aya inzakeyo. Mukatero simudzagwanso pamenepo, in shaa Allah.

Chachiwiri, cholakwa chanu chachikulu chinali kuwonjezera tsamba latsopano pamene mwapatsidwanso maraka a tarawehe. Taganizirani zimene zinkachitika kwa Mtumiki (SAW) m'mwezi uno. Jibril ankabwera usiku uliwonse wa Ramadhani n'kumabwereza naye Qur'an. Ankaidutsa kamodzi chaka chilichonse, ndipo chaka chimene Mtumiki anamwalira anaidutsa kawiri. Onani bwino: inali ntchito yobwereza, ndipo anali awiri, wina akuwerenga wina akumvetsera. Ine kwa ana anga ndimatsatira zimenezo. Ramadhani ikayamba, sabaki, phunziro latsopano loloweza, ndimaidula pakati, kwa ena ndimaisiyiratu, ndipo mphamvu yonse imapita ku muraja'a, kubwereza zakale. Muli ndi majuzu 10, amene mu msahafu wa mizere 15 ndi masamba pafupifupi 200. Chuma chimenecho chiposa masamba 60 atsopano amene mumafuna kuwonjezera. Mtumiki (SAW) anachenjeza kuti Qur'an imathawa msanga kuposa ngamira zothawa m'zingwe zake. Mukamathamangitsa ngamira yatsopano, khola lakale lili pululu, zakalezo zimatuluka. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chachitatu, ngati mtima sukulola kusiyiratu zatsopano, tengani mizere 5 yokha, ndipo muitenge mukangoswali Fajiri. Nthawi imeneyo mwadya, mwamwa, kunja kuli zii, mutu uli wopepuka. Usiku mukachoka ku tarawehe musaloweze kanthu, gonani. Ikakwana nthawi yopuma masana, mukaswali Zuhri tsamirani khoma la mzikiti mphindi 20. Asri ikadutsa musavutike ndi zatsopano, ingomvetserani kapena werengani moyang'ana.

Za machimo, Abu_Hudhaifa99 sanalakwe, istighfar timaifuna tonse. Koma sindifuna mnyamata amene wasenza majuzu 10 ayambe kudziona ngati wotembereredwa chifukwa cha aya imodzi.

wapaLimbe23:
Jazakallahu khairan mwalimu. Misozi yalengeza powerenga zimenezi. Zoti "raghadan" mulibe mu A'raf ndinkadziwa, koma zoti mawu enawo amatembenuzika sindinaziikepo mtima.

Talibu_wa_Zomba:
Koma ine zinandiyendera mosiyana. Chaka chatha ndinakhala i'tikafu, kudzipatula mumzikiti, masiku 10 omaliza, ndipo ndinaloweza sura Yasin yonse, aya 83, chinthu chimene ndinalephera kwa miyezi 6 ndikudya katatu patsiku. Ndiye musanene kuti Ramadhani si nthawi ya zatsopano. Kwa ine mutu umagwira bwino mimba ikakhala yopanda kanthu.

MwalimuWakuNtaja:
Maa shaa Allah. Koma tiuzeni, mu i'tikafumo foni inali kuti, ndipo masana munkatani?

Talibu_wa_Zomba:
Foni ndinasiya kunyumba. Masana tinkagona kuyambira cha m'ma 8 koloko mpaka 11. Ndamva kumene mukupita mwalimu. Komabe ndikuumirira kuti kusalako kunathandiza. Ukasala sumayendayenda, sukangana, sumafuna macheza. Mtima umakhala pamalo amodzi.

MwalimuWakuNtaja:
Pamenepo ndikuvomera. Amene angathe kupeza masiku otero, atenge zatsopano zochuluka mmene angathere. Wogulitsa m'shopu ndi wopalasa kabaza alibe masiku otero.

Umm_Zainabu:
Assalam alaikum. Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti azibambo mukukambirana ngati daku imadziphika yokha. Inu mukadzuka 3 koloko, ife tinadzuka 2 koloko kukoleza mbaula. Mukamagona masana pa mzikiti, ife tili pamtondo. Maghrib ikamayandikira, nthawi imene amati duwa siibwezedwa, ife tili ndi utsi m'maso. Ine ndakhala pa Juzu Amma zaka zitatu, sura 37 zokha, ndipo Ramadhani iliyonse ndimabwerera m'mbuyo m'malo mopita patsogolo. Si njala ayi. Ndi nthawi.

Chimene chandithandiza chaka chino n'chakuti ndimaika foni m'kapu yopanda kanthu pawindo la kukhitchini kuti mawu azimveka kwambiri, n'kuika sura imodzi kuti izingobwerezabwereza pamene ndikusinja nsinjiro kapena kusenda mbatata. Sabata ino ndi sura Fajr. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 waigwira kale kuposa ine, ndipo ndikalakwitsa amandikonza ali pakhomo ndi chidebe. Abambo akunyumba ndinawapempha kuti masiku awiri pa sabata tizimasula ndi zopepuka, madzi, tende ngati alipo ndi futali basi, kuti nanenso ndikhale pansi ndi msahafu. Anavomera, Allah awalipire.

Mlongo_wa_ku_Salima:
Mayi mwalankhula za mumtima mwanga. Kuwonjezera apo pali masiku athu aja a mwezi ndi mwezi. Sabata yathunthu osagwira msahafu, ukamabwerera zonse zauluka. Ma shehe alipo pano atithandize.

Shehe_wa_pa_Gulu:
Wa alaikum salaam. Pa nkhani imeneyi maulama anasiyana maganizo, ndipo si bwino kubisa kusiyanako. Madhihabu a Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, salola mayi amene ali m'masiku ake kuwerenga Qur'an ndi cholinga cha kuwerenga. A Maliki amalola kuwerenga kwa pamtima, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo ndi chomwechi, kuopa kuti angaiwale. Pa kumvetsera palibe mkangano, n'kololedwa, chimodzimodzinso kudutsitsa aya mumtima osagwedeza lilime. Ndiye ngakhale mutatsatira maganizo okhwimawo, njira ya Umm_Zainabu ya foni pawindo ikukwanirani masiku amenewo. Pa zina zonse funsani shehe wa kwanuko amene akudziwa mmene mulili.

Ndipo azibambo, mawu a mayiwa tisawadumphe. Mtumiki (SAW) ankathandiza ntchito za pakhomo pake, anatero mayi Aisha.

Kabaza_Mangochi:
Futali wa mbatata kapena wa chinangwa? Ine wa chinangwa ndi amene amandifikitsa madzulo ndikadya pa daku.

Umm_Zainabu:
Wa mbatata achimwene, koma nsinjiro zikhale zambiri ndipo musathire shuga. Wa maungu ndi wokoma koma sukhalitsa m'mimba.

Mlongo_wa_ku_Salima:
Kwathu timasakaniza mbatata ndi nthochi zosapsa. Yesani mudzandiuza.

Joni_Fordsburg:
Ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito m'sitolo ngati inu wapaLimbe23. Chimodzi chimene sichinatchulidwe: musasinthe msahafu. Ndinaloweza ndi wa mizere 15 kumudzi, masamba 604, umene pafupifupi tsamba lililonse limathera pa mapeto a aya. Kuno m'mizikiti yambiri muli wa mizere 13. Ramadhani yanga yoyamba ndinkangotola uliwonse pa shelefu, ndipo zonse zinasokonekera, chifukwa diso limakumbukira kuti aya yakuti ili pamwamba kumanja. Ndinkaganiza kuti ndi swaumu, pomwe unali msahafu. Pa foni ndi chimodzimodzi, ngati pulogalamu yanu imadula masamba mosiyana, isiyeni.

Komanso kuno ana oloweza Qur'an ali ndi magawo atatu tsiku lililonse: sabaki, sabaki dhor imene ndi ya masiku apafupi, ndi dhor ya zakale. Ramadhani ikayandikira ambiri amaika mtima pa dhor chifukwa akukonzekera tarawehe ya maraka 20.

Abu_Hudhaifa99:
Maraka 20 amenewo ndi amene akutopetsa anthu. Mtumiki (SAW) sankapitirira maraka 11 usiku, mu Ramadhani kapena kunja kwa Ramadhani. Anthu akanaswali 8 ndi witiri akanagona msanga.

Joni_Fordsburg:
Akhi, Umar anasonkhanitsa anthu kumbuyo kwa Ubayy ibn Ka'b, ndipo madhihabu akuluakulu anatenga 20 kapena kuposa. Komanso juzu ndi juzu, kaya muigawe pa 8 kaya pa 20, kutalika kwake n'komweko.

Abu_Hudhaifa99:
Umboni uli pa 11.

Admin_Gulu:
Abale, nkhani ya 8 ndi 20 tinaikambirana kale chaka chatha ndipo sinathe. Isalowe muno. M'bale wathu anafunsa za kuloweza. Tibwerere komweko.

Msodzi_Makanjira:
Ine ndili ndi mawu kwa a Nesi ndi a Mwalimu. Mukunena za dzira, nyemba, nsinjiro. N'zabwino. Koma Ramadhani ya zaka zino ikugwa mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene nkhokwe zili mbee, chimanga cha m'munda chisanache. Kuno kuli makomo amene daku ndi madzi okha, futari ndi phala lamadzimadzi. Kumadrasa kwathu kuli ana amene ngakhale si Ramadhani amabwera osadya. Mwana wotero mukamuuza kuti chiwindi chimasunga shuga, chisunga chiyani poti usiku sanadye? Njala yosankha ndi njala yokakamizidwa ndi zinthu ziwiri. Amene amati kusala kumawalitsa nzeru ndi amene akudziwa kuti 6 koloko pali mbale ikuwadikira.

Nesi_wa_Usiku:
Mwanena zoona bambo, ndipo ndapepesa ngati ndinalankhula ngati aliyense ali ndi zosankha. Zimene ndinafotokoza zija ndi za munthu amene amadya mokwanira usiku. Mwana amene akuperewera chakudya masiku onse, makamaka wosowa magazi, amavutika kumvetsera ndi kukumbukira, ndipo kusala kumangowonjezera. Onjezani malungo a nyengo ya mvula ino. Mwana akamaodzera pa madrasa musathamangire kumukalipira, yang'anani m'maso mwake ndi m'zikhato ngati mwayera, mugwireni pamphumi.

MwalimuWakuNtaja:
Msodzi_Makanjira wakhudza chilonda changa. Ndili ndi ana oposa 30, ndipo ndimadziwa ndi maso okha amene wadya daku ndi amene sanadye. Wosadya amagwedezeka ngati anzake, milomo ikuyenda, koma maso ali patali. Ukamuimitsa kuti apitirize aya, amangokuyang'ana. Kale ndili wachinyamata ndinkaganiza kuti ndi ulesi ndipo ndinkakwapula. Ndimapempha Allah andikhululukire pa zimenezo. Tsiku lina mwana wina anagwa pansi ali pamzere wondiwerengera, ndipo nditamunyamula ndinamva kupepuka kwake, ngati mtolo wa udzu wouma. Kuyambira pamenepo ndinasiya ndodo.

Makolo amvetse kuti kusala sikukakamizidwa kwa mwana amene sanathe msinkhu. Maswahaba ankawazoloweza ana awo, inde, mpaka kuwapangira zidole zaubweya kuti aiwale njala, koma kuzoloweza si kuzunza. Mwana wa zaka 8 asale mpaka Zuhri, kapena tsiku limodzi n'kupuma lina. Ndipo amene Allah wakupatsani, musanagule zakumwa zamitundumitundu za futari yanu, kumbukirani thumba la ufa ndi mtedza ku madrasa ya kumudzi kwanu. Wopatsa wosala chomasulira amapeza malipiro ofanana ndi a wosalayo.

waku_Leicester:
Salaam nonse. Ndikuwerenga ndili kuno ku UK. Zoti vuto lalikulu ndi tulo ine ndine mboni. Mu 2016 Ramadhani inagwa mu Juni, ndipo tinkasala maola opitirira 18. Koma njala sinali yoopsa kwambiri chifukwa kunja sikutentha ngati kwathu. Chovuta chinali usiku waufupi. Maghrib cha m'ma 9:30, Isha pafupifupi 11 koloko, ukamamaliza tarawehe nthawi ya daku yakwana. Chaka chimenecho sindinaloweze ngakhale aya imodzi, ndipo zakale zinagwedezeka. Panopa Ramadhani yafika m'miyezi yozizira, masiku ndi aafupi, usiku ndi wautali, ndipo ndikutha kubwereza theka la juzu tsiku lililonse ndisanapite ku ntchito. Munthu ndine yemweyo, kusala ndi komweko.

Gogo_wa_Tasbihi:
Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera, ine maso anafooka. Mwezi umenewu umabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo umazungulira nyengo zonse pa zaka 33. Ine Ramadhani ya mu Okutobala ndinaiona ndili mnyamata mu 1972 ndiponso mu 2005, chaka chimene kunalinso njala. Kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala mumakudziwa, malovu amauma pakamwa 10 koloko isanakwane.

Ife tinalibe misahafu yokwanira. Mwalimu ankatilembera pa thabwa, aya zitatu kapena zinayi, ndipo sunkafufuta mpaka utamuwerengera osayang'ana. Mu Ramadhani tinkayamba kukadali mdima, titazungulira moto, aliyense akufuula zake. Dzuwa likafika pamutu wa mtengo wa mango umene unali pabwalo, mwalimu ankati basi, kagoneni. Sankadziwa za ubongo zimene akunena a Nesi, koma ankadziwa kuti mwana wouma kukhosi sagwira kanthu. Aya zimene ndinaloweza pamoto paja ndi zimene ndikuswalira lero pamene sindithanso kuona zilembo. Mwana wanga wa ku Limbe, usathamange. Allah anamuuza Mtumiki wake mu sura Qiyama kuti asagwedeze lilime lake mofulumira ndi Qur'an. Nanga iwe ukuthamangira kuti?

Abu_Hudhaifa99:
Allah akusungeni agogo. Mawu anu ndawalandira. Ndingowonjezera kuti amene akufuna kuona ngati kusala kumamuthandiza kapena ayi, ayese Lolemba ndi Lachinayi Ramadhani ikatha, pamene akugona mokwanira. Ine masiku amenewo ndi amene ndimaloweza bwino.

Nesi_wa_Usiku:
Pamenepo tagwirizana akhi. Anthu timasiyana matupi, ndipo njira imeneyo ndi yabwino yodziwira thupi lako.

Talibu_wa_Zomba:
Funso kwa mwalimu. Pobwereza, ndibwino kuwerenga wekha kapena kufuna wokumvetsera? Anzanga onse ali otanganidwa.

MwalimuWakuNtaja:
Wokumvetsera, ngakhale akhale mwana wodziwa kutsatira ndi chala. Ukakhala wekha umadzikhululukira, ukakakamira pang'ono diso limaba pa tsamba ndipo umadziuza kuti unadziwa. Ngati palibiretu munthu, dzijambule mawu pa foni msahafu uli wotseka, kenako mvetsera utautsegula. Ndipo chimene wabwereza masana, ukachiwerenge m'maraka a sunna usiku. Chimene chaima nawe pa swala ndiye chako.

wapaLimbe23:
Assalam alaikum nonse. Ndabweranso patapita masiku 6 kuti ndikuuzeni mmene zikuyendera. Zatsopano ndasiyiratu mpaka Idi. Ndikachoka ku tarawehe ndimadya pang'ono n'kugona 10 koloko isanakwane, foni ndimaisiya pa chaja kuchipinda china. Daku ndi phala la mgaiwa la nsinjiro, mlongo wanga anandisinjira botolo lathunthu. Ndikaswali Fajiri ndimabwereza theka la juzu, ndipo pali bambo wina wachikulire wa pa mzikiti pathu, yemwe uja anandikumbutsa usiku umene uja, amene wavomera kumandimvetsera mpaka 6 koloko. Anandiuza kuti iyenso anagwapo pa aya yomweyo ali mnyamata.

Sindinganame kuti zonse zatheka. Asri ikadutsa mutu umalemerabe, ndipo dzulo ndinakakamira kawiri mu An'am. Koma aya zofanana ndayamba kuzilemba m'kope, pano zakwana 14. Imamu wandiuza kuti poti juzu zanga zadutsa, m'masiku 10 omaliza andipatsa maraka awiri pa swala ya usiku, ndiwerenge paliponse pamene ndikufuna. Ndasankha A'raf, kuyambira aya 159.

Umm_Zainabu:
Allah akulimbitseni achimwene. Ine sura Fajr yatha, lero ndayamba Ghashiya.

Msodzi_Makanjira:
Mwalimu, pali abale awiri andilembera kumbali kuti akufuna kutumiza ufa ku madrasa. Ndawauza kuti theka lipite kwanu ku Ntaja. Ndilembereni kuti tione mmene ungafikire Lachisanu lisanadutse.